Khadi la cipatala ca kampani limatha pamodzi ndi nchito: akuluakulu, musacedwe kulembetsa ku NHIMA

Nkhani ya NHIMA ikabuka pakati pa anchito acikulire a m'migodi ndi m'mafakitale a ku Kitwe ndi ku Ndola, yankho la ambiri limakhala limodzi: "Ine ndili ndi cipatala ca kampani. Za NHIMA ndidzaziona ndikadzapuma." Amene amayankhula motere si anthu opanda nzeru ai. Ndi azibambo ndi azimayi amene agwira nchito zaka makumi awiri kapena atatu, amene akadwala amalandiridwa bwino, saima pamzera nthawi yaitali, ndipo mankhwala amawapeza tsiku lomwelo. Kwa iwo, kutaya tsiku lathunthu kulondola za inshuwalansi ya boma kuli ngati kugula ambulera mu Juni.

Koma funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi khadi la cipatala limene lili m'thumba mwanulo mwini wake ndani? Yankho lake ndi lakuti mwini wake ndi kampani. Munangobwerekedwa, ndipo tsiku limene mudzabweze cipewa, nsapato ndi ciphaso ca pageti, khadilo nalo lidzayamba kutha mphamvu. Coipa kwambiri n'cakuti limatha pa msinkhu umene thupi limayamba kufuna dokotala mwezi ndi mwezi. N'cifukwa cake ndikuti nthawi yokonza dzina lanu ku NHIMA ndi ino, pamene mukali pa nchito, mukali ndi mphamvu, ndipo ofesi ya kampani ikali kukudziwani.

Kumene cizolowezi cimeneci cinacokera

Kuti timvetse cifukwa cake anthu a ku Copperbelt amadalira kwambiri cipatala ca kampani, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Pamene ZCCM inapangidwa mu 1982 pophatikiza makampani awiri a NCCM ndi RCM, wanchito wa pamgodi anali ngati mwana wa m'nyumba ya kampani. Nyumba inali ya kampani, madzi ndi magetsi zinali za kampani, mwana akabadwa amabadwira m'cipatala ca kampani, ndipo munthu akamwalira kampani inkathandiza pa maliro. Ku Kitwe kunali cipatala ca Nkana ndi ca Wusakile, ku Mufulira kunali Malcolm Watson ndi Ronald Ross, ku Chingola kunali Nchanga North ndi Nchanga South. Munthu wokulira m'moyo wotere sanaphunzire kudzifunsa kuti, "Kodi ndikadwala adzalipira ndani?" Funsolo linali loyankhidwa kale.

Zinthu zinatembenuka pamene migodi inagulitsidwa. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997 kwa a Binani, ndipo pofika mu 2000 kampani yao ya RAMCOZ inali itagwa, anchito n'kutsala akudikira ndalama zao kwa nthawi yaitali. Mu Malichi 2000 migodi ya Nkana ndi Mufulira inapita kwa Mopani, pamene Konkola ndi Nchanga zinapita kwa KCM. Zipatala nazo zinagawidwa. Wusakile ndi Malcolm Watson zinatsala m'manja mwa Mopani, Ronald Ross ndi Nchanga North zinapita ku boma, ndipo cipatala ca Nkana cinasanduka Sino-Zam. Anchito ambiri amene anacotsedwa pa nthawiyo anatsala ndi nyumba zimene anagulitsidwa, koma khomo la cipatala cimene anabadwiramo ana ao linawatsekekera. Munthu anali ndi denga, koma analibe dokotala.

Tisaganize kuti zimenezi zinatha ndi kugulitsidwa kwa migodi. Kumapeto kwa 2008 ndi kuciyambi kwa 2009 mgodi wa Luanshya unatsekedwanso mtengo wa kopa utagwa. Mu 2015 Mopani inacotsa anchito zikwizikwi. Mu Meyi 2019 KCM inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khoti, ndipo nkhaniyo inatenga zaka zisanu a Vedanta asanabwerere mu 2024. Mu Epulo 2020 Mopani inalengeza zoimitsa migodi yake, mu 2021 Glencore inaisiya m'manja mwa ZCCM-IH, ndipo mu 2024 kunabwera eni atsopano a ku Abu Dhabi. Ku Ndola, akuluakulu akukumbukira m'mene mafakitale monga Dunlop ndi Colgate-Palmolive anatsekera, ndiponso m'mene Indeni inasiyira kuyenga mafuta. Pa zonsezi, ndi wanchito uti amene anauzidwa caka cathunthu zisanacitike kuti akonzekere? Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Amene akunena kuti adzalembetsa akadzapuma akuganiza kuti tsiku losiyira nchito adzalisankha yekha. Mbiri ya dera lathu lino ikutiuza kuti kawirikawiri tsikulo limasankhidwa ndi mtengo wa kopa ku London kapena ndi msonkhano wa eni migodi kutsidya la nyanja.

Zimene lamulo likunena

Inshuwalansi ya zaumoyo ya boma inakhazikitsidwa ndi lamulo la National Health Insurance Act, nambala 2 la mu 2018, pa ulamuliro wa Pulezidenti Edgar Lungu. Bungwe loyendetsa nchitoyi ndi National Health Insurance Management Authority, limene tonse timangoti NHIMA. Ndalama zinayamba kudulidwa pa malipiro mu Okutobala 2019, ndipo anthu anayamba kulandira cithandizo mu Febuluwale 2020. Malamulo a mu 2019 anaika kuti wanchito azipereka 1 peresenti ya malipiro ake a besiki, ndipo womulemba nchito aziwonjezera 1 peresenti ina.

Mfundo yoyamba imene ambiri saimvetsa ndi yakuti lamuloli silinapatule munthu amene ali ndi cipatala ca kampani kapena inshuwalansi ya makampani a eni ake. Kaya mumacizidwa ku Wusakile, kaya bwana wanu anakugulirani khadi la cipatala ca pulaiveti ku Parklands kapena ku Kansenshi, ndalama ya NHIMA imadulidwabe. Tengani kapepala kanu ka malipiro muone. Tiyerekeze kuti besiki yanu ndi K8,000. Ndiye kuti mwezi uliwonse K80 imacoka kwa inu ndipo K80 ina imacoka kwa kampani. Pa caka imeneyi ndi K960 ya thukuta lanu, ndipo pamodzi ndi ya kampani ikukwana K1,920. Conco munthu amene akuti za NHIMA adzaziona m'tsogolo sakupulumutsa ngwee ngakhale imodzi. Akulipira kale cinthu cimene sanapite kukaciona.

Mfundo yaciwiri ndi yakuti kudulidwa ndalama ndi kukhala wokonzeka kulandira cithandizo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kampani ingathe kutumiza dzina lanu ndi ndalama zanu, koma ngati nambala ya citupa canu ca NRC inalembedwa molakwika, ngati tsiku lanu lobadwa silikugwirizana ndi la pacitupa, kapena ngati akazi anu ndi ana anu sanalembedwe pansi pa dzina lanu, zimenezi mudzazidziwa tsiku limene mwafika pawindo la cipatala muli ndi wodwala m'manja. Membala amaloledwa kulembetsa a m'banja lake okwana asanu ndi mmodzi, koma maina amenewa salowa okha m'kompyuta. Afunika munthu woti awapereke.

Mfundo yacitatu ndi imene ikukhudza nkhalamba. Lamulo linamasula magulu atatu kuti asamalipire: anthu opitirira zaka 65, olumala amene sangathe kugwira nchito, ndi osauka amene boma lawazindikira kupyolera mu unduna woona za umoyo wa anthu m'madera. Kumasulidwa pa kulipira sikutanthauza kumasulidwa pa kulembetsa. Gogo wa zaka 70 wa ku Chamboli kapena ku Chifubu ali ndi ufulu wa cithandizo popanda kupereka kanthu, koma ngati sanapite ndi citupa cake kukalembetsa, ufuluwo uli pa pepala cabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo.

Zaka zoopsa za pakati

Tsopano tiyeni tiike malamulo awiri pamodzi, cifukwa vuto lalikulu labisala pamene awiriwa akumanirana. Kucokera mu 2015, munthu angapume pa nchito msanga ali ndi zaka 55, angapume pa nthawi yake ali ndi zaka 60, kapena mocedwa ali ndi zaka 65. Koma kumasulidwa kwa nkhalamba ku NHIMA kumayamba munthu akapitirira zaka 65. Apa pali mpata wa zaka zisanu kapena khumi. Kwa munthu amene wacotsedwa nchito ali ndi zaka 50, mpatawo ndi wa zaka khumi ndi zisanu.

Taganizani za munthu wotereyu. Salinso pa mndandanda wa malipiro, conco zopereka zake ndi za kampani zaima. Sanafike pa msinkhu wa nkhalamba. Ngati anacotsedwa asanafike zaka zopumira, sangachedwenso kuti ndi wopuma pa nchito. Lamulo la nchito la mu 2019, Employment Code Act, limapatsa wolemba nchito udindo wosamalira wanchito wodwala pa nthawi imene pangano la nchito lilipo, ndipo panganolo latha. Munthuyu ayenera kupita yekha kukasintha gulu lake ku NHIMA, kucoka pa olembedwa nchito kupita pa opuma pa nchito, kapena pa odzilemba okha nchito ngati wayamba kuweta nkhuku, kuyendetsa takisi kapena kugulitsa ku msika wa Chisokone kaya wa Masala. Amene analidziwa kale khomo la ofesiyo ndipo ali ndi nambala yake, kusintha kumeneku sikum'vuta kwenikweni. Amene sanapondeko, ayenera kuyamba ndi kufufuza ngati dzina lake lilimo n'komwe, pa nthawi imene mutu wake uli pa ngongole ndi pa ndalama za sukulu za ana.

Ndipo zaka zimenezi ndi zimene matenda a ukalamba amagogoda pakhomo. Kuthamanga kwa magazi, shuga, sitiroko, ng'ala m'maso, kuvutika pokodza kwa azibambo, nyamakazi ndi matenda a impso sizidikira kuti munthu akwanitse zaka 65. Matenda ambiri mwa amenewa sacira ndi jekeseni imodzi. Amafuna mankhwala a tsiku ndi tsiku mpaka imfa. Wodwala shuga amene anali kulandira mankhwala ku cipatala ca kampani pa tsiku loikika mwezi uliwonse, akadumpha miyezi iwiri cifukwa khadi latsekedwa, zotsatira zake zingakhale bala la pa phazi losapola kapena maso ocita khungu. Wa kuthamanga kwa magazi akaleka mapiritsi, sitiroko simutumizira uthenga.

Ena amati, "Ndikadzalandira ndalama zanga zopumira ndidzagula inshuwalansi ya pulaiveti." Funsani kaye mtengo wake. Kampani ikamagulira anchito ake inshuwalansi, imagula ya gulu lonse, acinyamata ndi acikulire pamodzi, ndipo n'cifukwa cake mtengo umatsika. Munthu mmodzi wa zaka 60 amene akudwala kale shuga akapita yekha, amapeza mtengo wokwera, ndipo nthawi zambiri matenda amene ali nao kale amaikidwa pambali kapena amauzidwa kuti adikire. Za ndalama zopumirazo, tonse taona m'mene zimathera. Denga la nyumba, fizi ya ku koleji, ngongole ya ku banki, acibale ocokera kumudzi, ndipo caka cisanathe munthu watsala ndi penshoni ya NAPSA yokha ngati anakwanitsa zofunika kuti ailandire.

Akazi athu, makolo athu ndi ulendo wobwerera kwathu

Pa nkhani imeneyi amene amavutika kwambiri ndi amayi. Pa nchito yanga ya ukatekista ndimayendera odwala ndi kutsogolera mapemphero pa maliro, ndipo cinthu cimene ndaciona mobwerezabwereza ndi ici: bambo akamwalira, mayi amataya mwamuna, malipiro ndi cipatala pa nthawi imodzi. Zaka zonse anali kucizidwa monga "mkazi wa wanchito," pa nambala ya mwamuna wake. Mapepala onse anali kusunga ndi bambo, ndipo ena anali mu lokala ku nchito. Pambuyo pa maliro, mayi wa zaka 58 amene ali ndi vuto la mtima amapezeka kuti alibe dzina pena paliponse. Mwamuna amene amakonda mkazi wake aonetsetse kuti mkaziyo walembedwa ku NHIMA, akuidziwa nambala, ndipo akudziwa kumene mapepala ali. Cimeneci ndi cuma ca masiye coposa mipando ya m'nyumba.

Palinso makolo okalamba amene amadalira khadi la mwana wao. Mwana akugwira nchito ku banki ku Ndola kapena pa mgodi ku Chambishi, ndipo mwina kampani inalola kuti mayi ake alowe pa khadi lake, kapena iye amangowalipirira ku cipatala ca pulaiveti. Zimenezi n'zoyamikika, ndipo lamulo lacinayi la Mulungu limafuna zotere. Koma mwanayo akasamutsidwa, akacotsedwa nchito kapena akatsogola kumanda, gogo atsala pati? Kholo lopitirira zaka 65 liyenera kulembetsa m'dzina lake, pa citupa cake, popeza silifunsidwa kulipira. Mwana amene akufuna kulemekeza makolo ake apemphe tsiku limodzi ku nchito, awatenge awapereke ku ofesi. Cimodzimodzinso madala amene adutsa zaka 65 koma akali kugwira ulonda, ukalipentala kapena nchito za makontilakita. Asadikire kuti bwana aziwakumbutsa.

Ife a Cinyanja tili ndi cifukwa cinanso. Ambiri a ife, kapena makolo athu, tinacokera ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza, ku Chipata ndi ku Lundazi kudzafuna nchito ku migodi, ndipo ambiri timalota zokakalambira kwathu. Cipatala ca kampani cili ku Kitwe, sicidzakutsatirani pa msewu wa Great East. Mukadzadwala kumudzi mudzapita ku Saint Francis ku Katete, ku Minga, ku Mwami kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata. Umembala wa NHIMA ndi wa dziko lonse, umagwira nchito m'zipatala zimene bungweli linavomereza, kulikonse kumene zili. Koma ngati pali colakwika pa dzina lanu cimene cikufuna kalata ya kampani, kodi mudzakwera basi kucoka ku Sinda kubwerera ku Kitwe, ulendo wodzera ku Lusaka, kudzafuna siginecha imodzi? Konzani musanakweze katundu pa lole.

Kodi NHIMA yeniyeniyo ndi yodalirika?

Pano ndiyenera kuwamvera amene amatsutsa, cifukwa madandaulo ao ali ndi maziko. Amati ku cipatala ca boma mzera ndi wautali, mankhwala nthawi zina kulibe ndipo umangopatsidwa kapepala kuti ukagule. Amati kompyuta ikakana, wodwala amadikira. Zamvekanso kambiri kuti zipatala ndi mafamase a eni ake amadandaula kuti NHIMA imacedwa kuwalipira, ndipo ena amafika pobweza mamembala. Ena amafunsa kuti, popeza ndalama za pakiliniki zinacotsedwa, kuyambira kumidzi mu 2006 pa nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa mpaka dziko lonse mu 2012 pa nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, nanga inshuwalansi ndi ya ciani?

Tiyambe ndi funso lomalizali. Cimene cinacotsedwa ndi malipiro a cithandizo coyambirira, ca pakiliniki ya m'komboni. Koma matenda a ukalamba sathera pakiliniki. Amakufikitsani ku Kitwe Teaching Hospital, ku Ndola Teaching Hospital, mwinanso ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Kumeneko nkhani imakhala ya kupima magazi, kujambula m'thupi, opaleshoni, kugonekedwa ndi mankhwala odula. Pamenepo ndi pamene mabanja amagulitsa firiji ndi kubwereka kaloba, ndipo pamenepo ndi pamene inshuwalansi inapangidwira.

Za zofooka za NHIMA, sindikuuza munthu aliyense kuti ataye khadi la kampani. Ngati cipatala ca kampani cikukusamalani bwino, pitirizani kupita komweko mpaka tsiku lomaliza. Cimene ndikunena n'cakuti kuyerekeza NHIMA ndi cipatala ca kampani kuli ndi tanthauzo lero lokha. Mawa, nchito ikatha, mudzayerekeza NHIMA ndi thumba lanu lopanda kanthu. Mlimi amene ali ndi cimanga ca m'munda wa bwana sagwetsa nkhokwe yake cifukwa yathonya. Amaifolera.

Ndipo pali cinanso. Bungwe limakonzeka ngati anthu amene ali ndi mawu akuligwiritsa nchito. Anchito a m'migodi, a m'mabanki ndi a m'makampani akuluakulu ndi amene amapereka ndalama zambiri ku thumba limeneli, ndipo ndi amene ali ndi mabungwe amphamvu owayankhulira. Iwowa akamaliona ngati msonkho wongotayika, osafunsa kumene ndalama zikupita, otsala pa mzera ndi amayi amasiye ndi nkhalamba zimene mawu ao safika patali. Thumba limeneli lingathe kusamala gogo wosalipira pokhapokha ngati amphamvu akulipira ndiponso akuliyang'anira. Umenewu ndiye umodzi umene Mpingo umaphunzitsa, kuti wamphamvu anyamule wofooka podziwa kuti nayenso tsiku lina adzanyamulidwa.

Phunziro locokera ku America

Vuto la munthu wokalamba amene ali pakati pa cipatala ca kampani ndi ca boma si la Zambia yokha. Ku America kuli inshuwalansi ya boma ya okalamba yochedwa Medicare, imene inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo munthu amalowamo akafika zaka 65. Kumeneko lamulo limalola munthu amene akali pa nchito, pa kampani ya anchito 20 kapena kuposerapo, kuti acedwetse kulowa m'gawo lolipira la inshuwalansiyo, lochedwa Part B. Koma nchito ikangotha, amapatsidwa miyezi isanu ndi itatu yokha kuti alembetse. Akaphonya, mtengo wake wa pamwezi umakwera ndi 10 peresenti pa caka ciliconse cathunthu cimene anacedwa, ndipo cilango cimeneci amakhala naco nthawi yonse imene ali m'gawolo.

Ife sitifunika kutengera cilango ca Amereka. Nkhalamba ya kuno silipira, conco palibe mtengo woti uikwerere. Cimene tingatolepo n'cakuti anzathuwa anazindikira kuti malo oopsa ndi pa mlatho, pamene munthu akucoka m'manja mwa kampani kupita m'manja mwa boma, ndipo anaikapo masiku owerengeka kuti aliyense adziwe. Kuno cilango ca wocedwa sicilembedwa m'buku. Cimalipidwa pa benchi la cipatala, ndi mwendo wotupa, mwana akuthamanga ndi mafotokope.

Tsono ticite ciani?

Kwa inu amene mwadutsa zaka 50 ndipo mukali pa nchito, yambani ndi kapepala ka malipiro. Onani ngati NHIMA ikudulidwa. Kenaka pitani ku ofesi ya NHIMA kapena pa tebulo lao ku cipatala cacikulu, mutenge citupa canu, mufunse nambala yanu ndi kutsimikiza kuti zopereka zanu zikufikadi. Izi n'zofunika kwambiri kwa anchito a makontilakita, amene amasintha mabwana pafupipafupi, cifukwa ndalama kudulidwa pa malipiro sikutanthauza kuti yatumizidwa. Onetsetsani kuti maina ndi masiku obadwa a inu, a akazi anu kapena amuna anu ndi a ana akugwirizana ndi zitupa. Pamene NAPSA inalola mu 2023 kuti anthu atapeko 20 peresenti ya zopereka zao, tinaona madala akudzuka m'mamawa kukaima pa mzera, ena akuphunzira za intaneti pa foni tsiku lomwelo. Cangu comweco cikufunika pano, ngakhale kuti pa mapeto pake palibe ndalama yolowa m'thumba.

Funsaninso ku ofesi yoona za anchito funso ili, ndipo yankho likhale lolembedwa: "Kodi khadi langa la cipatala, ndi la banja langa, lidzaleka kugwira nchito tsiku liti ndikasiya nchito?" Musadalire zimene mnzanu anamva ku kantini. Safunsa anadya phula. Musanacoke, pemphani dokotala wa kampani akulembereni mbiri ya matenda anu ndi maina a mankhwala amene mukumwa, kuti dokotala wa boma asadzayambe pa ciyambi. Ndipo inu amene munagwira nchito pansi pa mgodi, kumbukirani kuti matenda a fumbi la m'mapapo ali ndi njira yakeyake. Opima ndi a Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, kumene akuluakulu amangoti ku Silicosis, ndipo za cipukuta misozi ndi za Workers' Compensation Fund Control Board imene likulu lake lili ku Ndola. Kupuma pa nchito sikutanthauza kuleka kukapimitsa cifuwa.

Kwa olemba nchito, pempho ndi lakuti fomu imene wanchito amazungulira nayo posiya nchito, yobwezera zipangizo ndi makiyi, ikhale ndi mzera wina wa NHIMA. Munthu amene wakutumikirani zaka 25 asatuluke pa geti asanathandizidwe kusintha gulu lake. Zimenezi sizidya ndalama za kampani, zimangofuna kalaliki mmodzi wa mtima wabwino.

Kwa atsogoleri a MUZ ku Katilungu House, a NUMAW ndi mabungwe ena a anchito, pokambirana za malipiro musaiwale membala amene watsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Kuwonjezera kwa malipiro kumam'thandiza miyezi yowerengeka, koma pangano lomveka bwino la cithandizo ca cipatala pa miyezi yoyamba atasiya nchito lingapulumutse moyo wake. Funsaninso makontilakita umboni wakuti akutumiza zopereka.

Kwa a NHIMA, nkhalamba siingapikisane ndi acinyamata pa mzera kapena pa foni. Pitani kumene nkhalamba zili: ku Wusakile, ku Chimwemwe, ku Buchi, ku Lubuto, ku Kabushi, ku Twapia, ku nyumba ya okalamba ya Mitanda. Lengezani m'Cibemba ndi m'Cinyanja, momveka, zimene munthu wosiya nchito asanafike zaka 65 ayenera kucita, mapepala amene atenge ndi ndalama zimene zikufunika. Ndipo lipirani zipatala pa nthawi yake, cifukwa gogo amene wabwezedwa kamodzi amakauza komboni yonse kuti khadilo n'lacabe.

Kwa ife a m'machalichi, tili ndi cida cimene boma lilibe. Miphakati yathu, imene anzathu a Cibemba amati ifitente, imadziwa nyumba iliyonse imene muli nkhalamba. Dayosizi ya Ndola inachuka ndi nchito yosamalira odwala kunyumba pa nthawi imene Edzi inatikantha kwambiri, ndipo a Vinsenti wa Paulo akhala akuyendera osauka zaka zonsezi. Kodi n'covuta kuti mphakati uliwonse ulembe maina a okalamba ake, ufunse amene sanalembetse, ndi kupeza wacinyamata wowaperekeza? Timasonkha msanga ndalama za bokosi ndi za basi ya kumanda. Tisonkhenso ya minibasi yopita ku ofesi munthu akali moyo. Mutu umodzi susenza denga.

Abale anga, kampani ingakhale yabwino motani, inakulembani nchito cifukwa ca mphamvu zanu, ndipo cipatala cake cilipo kuti mphamvuzo zisathe nchito ikalipo. Za zaka zimene zidzatsatire, zimene mwina zingakhale makumi awiri kapena kuposa, mwini nkhani ndinu. Sabata ino, tengani citupa canu ndi ca akazi anu, mupite mukafunse ngati maina anu alimo.